Bilbao, mzinda umene unayamba watsuka mtsinje wake usanaitane alendo

Nkhani imene inafala yokhudza Bilbao ndi yakuti mzinda wa mafakitale umene unali kufa unamanga myuziyamu imodzi yonyezimira, ya Guggenheim, basi zonse n'kusintha. Ndi yokoma kuimva koma ndi yoperewera, ndipo mlendo amene wafika ndi maganizo amenewa amangojambulitsa panja pa myuziyamuyo, n'kukwera basi ya ku San Sebastián tsiku lomwelo. Myuziyamu inali denga chabe. Maziko ake anali mapaipi a suweji, doko limene linasamutsidwa, njanji zimene zinazulidwa ndiponso misonkho imene anthu a kumeneko amatolera okha. Amene wamvetsa zimenezi amauona mzindawu mosiyana, ndipo amadziwa kuti masiku atatu ndi ochepa.

Bilbao ili kumpoto kwa Spain, m'dera la anthu a mtundu wa Basque, m'chigawo cha Bizkaia. Yakhala m'chigwa chopapatiza, mapiri uku ndi uku, ndipo pakati pake padutsa mtsinje wa Nervión, umene eni ake amangoutchula kuti Ría. Madzi a m'nyanja amalowa mpaka pakati pa mzinda, moti mtsinjewu umadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku. Mzindawu unakhazikitsidwa mu 1300 ndi Diego López de Haro. Lero muli anthu pafupifupi 350,000, ndipo tikaphatikiza matauni onse a m'mbali mwa mtsinje mpaka kunyanja amayandikira miliyoni imodzi.

Chimene chinaulemeretsa ndi miyala ya chitsulo ya m'mapiri a kumadzulo kwa mtsinje. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 sitima zinkanyamula miyalayi kupita nayo ku Britain, pobwera n'kudzaza malasha, ndipo malashawo ndi amene anayatsa ng'anjo zosungunulira zitsulo ku Barakaldo ndi ku Sestao. Kampani yaikulu ya Altos Hornos de Vizcaya inapangidwa mu 1902. Pafupi ndi pakati penipeni pa mzinda panali malo okhomera sitima a Euskalduna. Mabanki awiri amene pambuyo pake anadzakhala mbali ya banki yaikulu ya BBVA anabadwira momwemu. Ngakhale mpira unabwera pa sitima zomwezo, n'chifukwa chake timu ya mumzindawu, imene inayamba mu 1898, ili ndi dzina lachingelezi la Athletic Club.

Kuyambira m'ma 1970 zinthu zinayamba kutsika. Mafuta anakwera mtengo, mayiko a ku Asia anayamba kupanga zitsulo ndi sitima motchipa, ndipo mafakitale akale a ku Bilbao analephera kupikisana nawo. M'ma 1980 munthu mmodzi mwa anayi alionse oyenera kugwira ntchito anali pa ulova. Mtsinje unali wakufa: zonyansa za m'nyumba ndi za m'mafakitale zinkangothiridwamo osasefedwa, madzi ali ofiirira, onunkha, opanda nsomba. Gulu la zida la ETA, lofuna kuti dera la Basque lipatuke ku Spain, linkapha anthu ndi kuopseza amalonda. Kenako pa 26 Ogasiti 1983, m'kati mwa sabata ya chikondwerero cha mzinda, mvula yoopsa inasefukiritsa mtsinje, madzi n'kumiza tauni yakale mpaka mamita angapo, anthu ambiri n'kufa m'chigawo chonsecho. Apa m'pamene zinafika pa mwana wakana phala, ndipo atsogoleri a zipani zosiyana anavomerezana kuti za zitsulo sizidzabwereranso.

Zimene zinachitika myuziyamu isanabwere

Ntchito yoyamba inali yosaoneka ndi maso. Ndondomeko yoyeretsa mtsinje inavomerezedwa mu 1979: kukumba ngalande zikuluzikulu pansi pa nthaka, m'mbali zonse ziwiri za mtsinje, zolandira madzi oipa asanagwere mu Ría, n'kuwapititsa ku malo osefera a Galindo ku Sestao, amene anayamba kugwira ntchito mu 1990. Ntchitoyi inatenga zaka zoposa 20, inadya ndalama zochuluka kwambiri kuposa myuziyamu, ndipo gawo lalikulu analipira ndi anthu wamba kudzera pa bilu ya madzi. Popanda imeneyi palibe akanamanga hotela kapena kuika mipando ya lesitilanti m'mphepete mwa madzi onunkha.

Yachiwiri inali kusamutsa doko. Sitima zonyamula katundu zinkalowa mpaka pakati pa mzinda, ndipo magombe onse anali a makontena, njanji ndi nyumba zosungiramo katundu. Doko litakulitsidwa kunyanja, cha ku Santurtzi ndi Zierbena, malo a mumzinda anatsala opanda ntchito. Vuto linali lakuti malowo anali ndi eni ambiri: oyang'anira doko, makampani a njanji a boma la ku Madrid, khonsolo ya mzinda. Mu 1992 anakhazikitsa kampani ya boma ya Bilbao Ría 2000, theka la umwini lili m'manja mwa mabungwe a boma lalikulu, theka linalo la maboma a ku Basque. Kagwiridwe kake kanali kosavuta kufotokoza ngakhale kovuta kuchita. Mwini malo aliyense ankapereka malo ake ku kampaniyo, khonsolo n'kusintha chilolezo kuti pamalopo pamangidwe nyumba zogona ndi maofesi, mtengo wa malowo n'kukwera, kampaniyo n'kugulitsa mapuloti ena. Phindu silinkagawidwa. Linkabwerera m'ntchito zina, monga kukwirira njanji ya ku Ametzola n'kuikapo paki, kapena kukonza madera osauka.

Palinso nkhani ya misonkho, imene ofuna kutengera Bilbao amakonda kuiwala. Pa mgwirizano wotchedwa Concierto Económico, zigawo za Basque zimatolera zokha pafupifupi misonkho yonse, n'kupereka gawo logwirizana ku Madrid lolipirira zinthu monga asilikali ndi ukazembe. Choncho boma la Bizkaia likafuna kumanga njanji silidikira kuti nduna ya ku likulu ivomereze, ndipo ntchitoyo ikabweretsa malonda, msonkho wake umabwerera m'thumba lomwelo.

Sitima yapansi pa nthaka inatsegulidwa mu Novembala 1995, myuziyamu isanathe. Mapulani ake anajambula ndi Norman Foster, ndipo makomo ake agalasi otuluka mumsewu ngati chigoba cha nkhono anthu anawapatsa dzina lakuti fosteritos. Mukatsika pa siteshoni ngati Moyua kapena Abando yang'anani mmene anaikonzera: phanga limodzi lalikulu la konkire, kanjira kolendewera pamwamba pa njanji, masitepe otsikira mbali zonse ziwiri. Munthu sasochera chifukwa amaona kumene akupita.

Guggenheim yeniyeniyo

Mgwirizano wake unali wolimba mtima. Maboma a ku Basque analonjeza kulipira zomangira, pafupifupi madola 100 miliyoni, kuwonjezapo madola 50 miliyoni ogulira zojambula ndi ziboliboli, ndi madola 20 miliyoni opita ku Solomon R. Guggenheim Foundation ya ku New York, imene mkulu wake panthawiyo anali Thomas Krens. Anthu ambiri anakwiya. Ena ankati ndalamazo zikanapulumutsa ntchito za m'mafakitale, ena, kuphatikizapo wosema ziboliboli wotchuka Jorge Oteiza, ankati ndi kugula chikhalidwe cha ku America m'malo molimbikitsa cha eni dziko. Patatsala masiku ochepa kuti itsegulidwe mu Okutobala 1997, anthu a ETA anawombera wapolisi amene anawatulukira akufuna kutchera mabomba pakhomo pake. Komabe chaka choyamba chokha kunabwera alendo oposa miliyoni imodzi, kuposa mmene aliyense ankayembekezera, ndipo zaka zambiri zotsatira chiwerengerocho chakhala cha pamenepo kapena kuposa.

Frank Gehry anaimanga ndi zinthu zitatu: miyala ya laimu, magalasi ndi timapepala ta chitsulo cha titanium pafupifupi 33,000, tosakwana theka la milimita kukhuthala kwake. Kupyapyalako n'kumene kumachititsa kuti khoma lizioneka lokwinyika pang'ono, osati losalala ngati la galimoto. Anasankha titanium chifukwa cha nyengo: kuno kumwamba kumakhala kotuwa masiku ambiri, ndipo chitsulo chimenechi kukachita mitambo chimaoneka chagolide pamene zitsulo zina zimangozimirira. Choncho musadandaule mukaipeza kukugwa mvula. Makoma opindikawo anawerengetsera ndi pulogalamu ya pakompyuta ya CATIA, imene inapangidwira okonza ndege, ndipo ndi imene inathandiza kuti nyumba yooneka yosatheka ithe pa nthawi yake komanso pa ndalama zimene anagwirizana.

Ambiri amailakwitsa poifikira. Ukachokera mumsewu wa Iparraguirre umakumana ndi Puppy, galu wa maluwa wa Jeff Koons wotalika mamita 12, koma nyumbayo umaiona pang'ono chabe. Kuti muione yonse, wolokani mtsinje mukaime tsidya linalo, kapena kwerani pa mlatho wa La Salve, umene Gehry anachita kuukumbatira ndi mbali ina ya nyumbayo. Maluwa a galuyo amasinthidwa kawiri pa chaka, cha mu Meyi ndi mu Okutobala, ndipo masiku amenewo amakhala atazunguliridwa ndi zitsulo zokwerapo amisiri. Kumbali ya mtsinje kuli kangaude wamkulu wa Louise Bourgeois wotchedwa Maman ndi mipira yonyezimira ya Anish Kapoor. Zonsezi n'zaulere.

M'kati, chimene chimayenera tikiti ndi chipinda chachitali mamita 130 mmene muli The Matter of Time ya Richard Serra: makoma a chitsulo chadzimbiri, opindika, otalika kuposa munthu kawiri, amene umalowa pakati pake n'kumayenda. Makomawo amapendekera m'kati kenako kunja, ndipo thupi limayamba kukayika ngati pansi pali polunjika. Mumzinda umene unakhalira zitsulo, palibe chinthu china choyenera malo ake kuposa chimenechi. Zionetsero zina zimasinthasintha, ndipo zina zimakhala zabwino kuposa zinzake, choncho onani kaye zimene zilipo. Lolemba myuziyamuyi imakhala yotseka, kupatula m'miyezi ya alendo ambiri ndi masiku ena apadera. Amene amakonda zojambula zakale, za El Greco, Goya kapena Zurbarán, apite ku Museo de Bellas Artes, mphindi khumi wapansi, atafunsa kaye zipinda zimene zili zotsegula chifukwa nyumbayo yakhala ikukulitsidwa.

Mizinda ina inaona zimenezi n'kuganiza kuti mankhwala ndi nyumba yodabwitsa. Ku Sheffield anatsegula National Centre for Popular Music mu 1999, chaka chotsatira n'kutseka chifukwa anthu sankabwera. Ku Santiago de Compostela ntchito yomanga Cidade da Cultura inaimitsidwa isanathe ndalama zitapitirira muyeso. Helsinki inakana Guggenheim yake mu 2016.

Kuyenda m'mbali mwa Ría

Njira yabwino youonera mzindawu ndi kuyenda wapansi kutsata mtsinje, kuchokera ku Euskalduna kukafika ku tauni yakale, makilomita atatu kapena kuposerapo pang'ono, popanda chitunda. Poyambira pali holo ya misonkhano ndi nyimbo ya Euskalduna, ya mu 1999, yomangidwa pamalo pomwe ankakhomera sitima ndipo khoma lake ladzimbiri likufanizira sitima yosatha kukhoma. Pambali pake pali Itsasmuseum, myuziyamu ya za panyanja, ndi chikireni chofiira chotchedwa Karola chimene anachisiya dala. Dera lotsatira, Abandoibarra, linali la makontena; mapulani ake anatsogolera César Pelli, yemwenso anajambula nsanja ya Iberdrola ya mamita 165. Kunena zoona, chigawo chimenechi n'chaukhondo koma chozizira, cha maofesi ndi nyumba zodula, ndipo usiku mulibe moyo wambiri.

Mukadutsa Guggenheim mufika pa Zubizuri, mlatho woyera wa oyenda pansi wa Santiago Calatrava, wa mu 1997. Ndi wokongola, ndipo ndi phunziro la zimene zimachitika wojambula akaiwala nyengo. Pansi pake anayalapo magalasi, mumzinda wa mvula, ndipo anthu ankaterereka n'kugwa mpaka khonsolo inayalapo kapeti wakuda amene anabisa magalasiwo. Pambuyo pake khonsolo inalumikiza mlathowu ndi kanjira kopita ku nsanja za Arata Isozaki, Calatrava n'kukasuma kuti amuonongera ntchito yake, ndipo khoti linamupatsa mayuro 30,000.

Nyumba imene eni mzinda amaigwiritsa ntchito kwambiri ili kutali pang'ono ndi mtsinje. Azkuna Zentroa inali nkhokwe ya vinyo ya mu 1909, inakhala yosiyidwa zaka zambiri, n'kutsegulidwanso mu 2010 Philippe Starck ataikonza m'kati. Makoma akunja anawasiya, m'katimo n'kuimika nyumba zitatu za njerwa pa mizati 43, uliwonse wosiyana ndi unzake. Muli laibulale, kanema, malo olimbitsira thupi, ndipo mukayang'ana kudenga muona anthu akusambira, chifukwa dziwe lili pamwamba ndipo pansi pake m'pagalasi. Kulowa m'bwalo lake n'kwaulere, komanso ndi pothawira pabwino mvula ikalimba. Dzinali ndi la Iñaki Azkuna, meya wa mzindawu kuyambira 1999 mpaka imfa yake mu 2014.

Tauni yakale ndi zogula

Mtima wa tauni yakale, Casco Viejo, ndi misewu isanu ndi iwiri yopapatiza yotsikira kumtsinje, Siete Calles, ndipo mayina ena akusonyezabe malonda akale, monga Tendería ndi Carnicería Vieja. Madzi a 1983 ataphwa, derali linakonzedwanso, ndipo lero ndi la oyenda pansi. Pakati pali tchalitchi chachikulu cha Santiago, pakhomo la derali pali nyumba ya zisudzo ya Arriaga ya mu 1890, ndipo kumapeto kuli tchalitchi cha San Antón ndi mlatho wake, zimene zili pa chizindikiro cha mzinda. Masitepe a Mallona, oposa 300, amakwera kupita ku tchalitchi cha Begoña. Amene mawondo amavuta akwere chikepe cha pa siteshoni ya sitima.

Zogula zili pawiri. Masitolo akuluakulu a zovala, pamodzi ndi El Corte Inglés, ali mumsewu wa Gran Vía ndi misewu yozungulira Plaza Moyúa, ndipo katundu wake ndi yemwe mungamupeze mumzinda uliwonse wa ku Ulaya. Zachilendo zili m'timasitolo ta m'tauni yakale. Txapela, chipewa chaubweya chophwatalala cha amuna a ku Basque, chimagulidwa poyeza mutu ndiponso kutambalala kwa chipewacho, ndipo sitolo ya Gorostiaga yakhala ikugulitsa zipewa kuyambira 1857. Palinso nsalu za patebulo za mizeremizere, tchizi cha mkaka wa nkhosa cha Idiazabal, ndi nsomba za m'zitini. Pa nsombazi samalani: tuna yoyera ya bonito imasungika paliponse, koma anchovi za m'mafuta sizinaphikidwe, zinangokhwimitsidwa ndi mchere, choncho zimafuna pozizira. Zikakhala masiku m'chikwama chotentha zimafewa n'kusanduka phala lamchere.

Nthawi ndi imene imagwiritsa alendo fuwa lamoto. Masitolo ang'onoang'ono amatseka cha m'ma 1:30 kapena 2 koloko masana n'kutsegulanso cha m'ma 4:30 kapena 5. Lamlungu pafupifupi masitolo onse, ngakhale akuluakulu, amakhala otseka, chifukwa ku Basque mwambo umenewu amausunga kuposa ku Madrid. Chimene chimakhalapo Lamlungu m'mawa ndi msika wa pa Plaza Nueva, bwalo la mu 1851, wa mabuku akale, ndalama zakale ndi masitampa. Mitengo imatsitsidwa mu Januwale ndi mu Julayi. Amene amakhala kunja kwa European Union angathe kubwezeredwa msonkho wa IVA, umene pa katundu wambiri ndi 21 peresenti: pemphani fomu ya DIVA m'sitolo momwemo mutaonetsa pasipoti, ndipo muitsimikizitse pabwalo la ndege musanatuluke mu European Union, katunduyo ali wosagwiritsidwa ntchito. Oiwala kutsimikizitsa sapatsidwa kanthu.

Msika wa La Ribera, wa mu 1929, uli m'mphepete mwa mtsinje ndipo ndi umodzi mwa misika yofoleredwa ikuluikulu ku Ulaya. Pitani m'mawa, kuyambira Lachiwiri mpaka Loweruka. Lolemba mabenchi ambiri a nsomba amakhala opanda kanthu chifukwa asodzi sapita panyanja Lamlungu.

Kadyedwe

Pintxo ndi kachakudya ka kamwa imodzi kapena ziwiri, nthawi zambiri kali pa kagawo ka buledi ndipo kobayidwa ndi kamtengo. Mapintxo amayalidwa pa kauntala ya bala, ndipo cholakwa chachikulu cha mlendo ndi kulowa m'bala limodzi, kudzaza mbale ndi mapintxo asanu ndi atatu, n'kukhala pansi. Eni ake satero. Amayenda kagulu, amalowa, aliyense amatenga pintxo imodzi ndi kakapu kakang'ono, zurito ngati ndi mowa, txikito ngati ndi vinyo wofiira, amadya chiimirire, n'kupita pena. Bala lililonse lili ndi chimene limachidziwa bwino, ndipo luso ndi kudya chimenecho chokha. Muziyang'ana zimene anthu a konko akuitanitsa. Zabwino kwambiri kawirikawiri sizikhala pa kauntala, zimalembedwa pa bolodi ndipo zimaphikidwa mukaitanitsa. Zozizira zimatuluka kukhitchini cha m'ma 12 koloko masana ndiponso cha m'ma 7 madzulo. Pintxo ya mayonezi imene mwaipeza 5 koloko yakhala pamenepo maola ambiri ndipo buledi wake wanyowa. Kulipira kumachitika pomaliza, ndipo wogulitsa amakhulupirira zimene mwamuuza kuti mwadya. Kukhala pa mipando yapanja kumawonjezera mtengo. Madera ake ndi Plaza Nueva ndi misewu ya m'tauni yakale, msewu wa Ledesma, msewu wa Diputación, ndi Licenciado Poza, umene umadzaza tsiku la mpira.

Yoyambira bwino ndi gilda: zipatso za olivi, anchovi ndi tsabola wobiriwira wa mu viniga pa kamtengo kamodzi, yodyedwa kamodzi n'kamodzi kuti mchere, kuwawasa ndi mafuta zikumane. Imayenda ndi txakoli, vinyo woyera wa komweko, wowawasa ndi wopepuka.

Chakudya chenicheni cha mzindawu ndi bacalao, nsomba ya cod youmitsidwa ndi mchere, imene asodzi a ku Basque ankaitenga kutali kumpoto kwa nyanja ya Atlantic. Bacalao al pil-pil ili ndi zinthu zinayi zokha, nsomba, mafuta a olivi, adyo ndi tsabola wouma, koma imagonjetsa ophika ambiri. Nsombayo imaviikidwa m'madzi ozizira kwa maola 36 mpaka 48, madziwo n'kumasinthidwa maola asanu ndi atatu alionse. Mukafupikitsa imawawa mchere, mukapitiriza imatha kukoma. Adyo ndi tsabola zimakazingidwa pang'ono m'mafuta n'kuchotsedwa. Mafutawo akazizirako, nsomba imalowa ndi khungu lake, pa moto wochepa kwambiri, madigiri 60 mpaka 70, osalola kuti ikazingike. Pakutentha kumeneku khungu limatulutsa timadontho toyera tonanda. Wophika amachotsa mafuta ambiri, n'kuyamba kuzunguza mphika wadothi pang'onopang'ono, akubwezeramo mafutawo pang'ono pang'ono, mpaka mafuta ndi timadonthoto zigwirane n'kukhala msuzi wokhuthala wachikasu. Mulibe ufa, mulibe dzira, mulibe mkaka. Mafuta akatentha kwambiri msuzi umalekana, ndipo nsomba yopanda khungu imavuta kutulutsa msuzi. Mlongo wake ndi bacalao a la vizcaína, ya msuzi wofiira wa anyezi ndi mnofu wa tsabola wouma wa choricero. Ophika akale amakana kuikamo tomato.

Zina zoti mulawe ndi txipirones, tinyama ta m'nyanja tophikidwa mu inki yake yakuda, tooneka moopsa koma tokoma. Marmitako, supu ya tuna ndi mbatatesi imene asodzi ankaphika m'boti. Ndi txuleta, nthuli yaikulu ya ng'ombe yokhwima yowotcha pa makala. Txuleta imagulitsidwa pa kilogalamu, imodzi imakwanira anthu awiri, ndipo imabwera yofiira m'kati. Funsani kulemera kwake isanapite pamoto kuti bilu isakudzidzimutseni. Pa zotsekemera pali carolina, bollo de mantequilla ndi pastel de arroz, imene ilibe mpunga ngakhale dzina likutero.

Nkhomaliro imayamba 1:30 kapena 2 koloko, mgonero 8:30 kapena 9 usiku, ndipo pakati pa nthawizi makhitchini ambiri amatseka. Njira yodyera bwino mosaboola thumba ndi menú del día ya masana a m'kati mwa sabata: mbale yoyamba, yachiwiri, zotsekemera, buledi ndi chakumwa pa mtengo umodzi. Malesitilanti otchuka padziko lonse, Azurmendi ya Eneko Atxa ku Larrabetzu ndi Asador Etxebarri ya Victor Arguinzoniz ku Axpe, ali kunja kwa mzinda ndipo malo amasungitsa miyezi isanakwane.

Zikwangwani zimalembedwa m'zilankhulo ziwiri, Chisipanishi ndi Euskara, chilankhulo chosagwirizana ndi china chilichonse cha ku Ulaya, chimene chinaponderezedwa mu ulamuliro wankhanza wa Franco ku Spain ndipo tsopano chimaphunzitsidwa m'sukulu. Mumsewu mumva Chisipanishi kwambiri, koma dziwani kuti basi yolembedwa Donostia ndi ya ku San Sebastián. Athletic Club imasewera ndi anyamata obadwira kapena okulira mpira ku Basque okha, ndipo sinatsikepo mu ligi yaikulu ya Spain. Bwalo lake latsopano la San Mamés, la mu 2013, limalowa anthu oposa 53,000. Itatenga chikho cha Copa del Rey mu 2024, patatha zaka 40, osewera anayenda pa bwato lotchedwa gabarra mumtsinje womwe uja, anthu miyandamiyanda ali m'magombe. Chikondwerero cha Aste Nagusia chimayamba Loweruka lotsatira 15 Ogasiti, chimatha masiku asanu ndi anayi, ndipo chimatsekedwa ndi kutentha chidole chachikulu cha Marijaia. Sabata imeneyo malo ogona amadula ndipo tauni yakale sigona. Pa 21 Disembala alimi amabwera ndi zokolola ku msika wa Santo Tomás.

Mvula imagwa mwezi uliwonse, kawirikawiri yowaza yosalekeza imene amaitcha sirimiri, choncho jekete yamvula ndi nsapato zosaterera n'zofunika ngakhale mu Julayi. Kuchokera ku bwalo la ndege la Loiu basi ya A3247 imafika pakati pa mzinda. Gulani khadi la Barik pa siteshoni: limagwira pa sitima yapansi, pa tramu, pa mabasi ndi pa kasitima kokwera phiri la Artxanda, ndipo anthu angapo angathe kugwiritsa ntchito khadi limodzi. Pa sitima yapansi limagunditsidwa polowa ndi potuluka, pa tramu limagunditsidwa pa siteji musanakwere, ndipo woiwala amalipitsidwa chindapusa.

Theka la tsiku lipatulireni kumunsi kwa mtsinje. Kwerani sitima yapansi ya pa njanji ya L1 mpaka Areeta, mbali ya Getxo kumene eni migodi ndi mabanki anamanga nyumba zawo zikuluzikulu. Pamenepo pali Puente de Vizcaya wa mu 1893, wa Alberto de Palacio, mlatho woyamba padziko lonse wonyamula anthu ndi magalimoto pa chikhola cholendewera ku zingwe kuti sitima zazitali zizidutsa pansi. Bungwe la UNESCO linaulemba pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Wolokani kupita ku Portugalete, mubwerere pa L2 kudzera ku Sestao ndi Barakaldo. Mbali imeneyi ndi kumene kunkakhala ogwira ntchito, ndipo ku Sestao kwatsala ng'anjo imodzi yaitali ya Altos Hornos, kampani imene inazimitsa moto wake mu 1996. Matauni amenewa sanapindule mofanana ndi pakati pa mzinda. Ntchito za m'mahotela ndi m'mabala sizilipira ngati za m'fakitale, lendi yakwera, ndipo madera ngati San Francisco, kungowoloka mlatho kuchokera ku tauni yakale, akadali ndi umphawi wooneka.

Ntchito yomanga ikupitirira ku Zorrotzaurre, dera la mafakitale akale limene mapulani ake anajambula Zaha Hadid. Mu 2018 anamaliza kuboola ngalande ya Deusto, deralo n'kusanduka chilumba, kuti madzi osefukira azikhala ndi njira ziwiri zotulukira, ndipo nthaka yomangapo nyumba zatsopano akuikweza mita imodzi ndi theka. Mungalowe pa mlatho wa Frank Gehry kuchokera ku Deusto. Mupeza nyumba zatsopano, mafakitale ogumuka ndi ena amene asanduka sukulu ndi malo a zisudzo, koma malo odyera ndi ochepa, choncho pitani mutadya kale.